Mzere wa Mtedza wa Anasi

Rosettenville, Joni
Mwezi wa Juni

Okondedwa achimwene a Vincent,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Muli bwanji kumeneko, inu ndi alamu ndi ana onse? Bondo lija lasiya kodi, kapena mukungolimangabe ndi kansalu n'kumanena kuti ndi mphepo chabe? Ine kuno ndilipo, Tamanda nayenso alipo. Kuzizira kokha ndiko kwatipanikiza. Ndikusoka nditavala majuzi awiri, ndipo m'mawa zala zimakana kulowetsa ulusi mu singano.

Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati masiku akale pamene foni muli nayo. Foni yanuyo ndimaidziwa. Mukangoyankha mumatsegula sipika, ndiye nkhani imamveka mpaka kuchigayo. Iyi si nkhani ya pasipika. Kalatayi ndapatsira a Davie, oyendetsa basi aja, ndipo aisiya pa boma kusitolo kwa a Osman pamodzi ndi chikwama. Muiwerenge muli nokha, kudimba ngati kungatheke.

M'chikwamamo muli bulangete lofiirira. Limenelo si lanu, ndaona kale maso anu. Ndi la agogo a Jonasi, ndipo chifukwa chake muchimva kutsogoloku. Zanu ndi nsapato zakudazo. Za alamu ndi nsalu ziwiri.

Ntchito ikuyenda pang'onopang'ono. Magetsi akumathima pamene ndagwira diresi la munthu, mwini wake akudikira pakhomo. Mwininyumba wayambanso kudandaula kuti makina anga akusokosa. Koma zimenezi n'zazing'ono, ndazizolowera. Chimene chandilanda mtendere n'china. Sabata yathayi ndinasoka mkono wa malaya a mwamuna wina chozondotsa, ine amene ndakalambira pa makina. Ndinasomola, ndinasokanso, ndipo ndinalakwitsanso momwemo. Pamenepo ndinati basi, ndiwalembere achimwene.

Mukudziwa kale za Gerald, mnyamata wa ku Chipata uja amakonza magalimoto kuno, amene akufuna kukwatira Tamanda. Munalankhula naye pafoni, inu monga atsibweni ake a mtsikana, ndipo munavomera kuti chinkhoswe chidzachitikire kumudzi mu Disembala. Ine mnyamatayu ndilibe naye chifukwa. Samwa, amalonjera atagwada, ndipo makina anga akavuta amabwera ndi sipanala osadikira kupemphedwa kawiri. Nsalu ya chinkhoswe ndinagula kale, ya maluwa obiriwira. Ili pamwamba pa kabati. Sindinaiikepo sizasi, ndipo sindiidula mpaka mutandiyankha.

Zinayamba ngati masewera. Tamanda anaona pafoni anzake akukongoletsa malo a chinkhoswe ndi chithunzi cha mtengo, nthambi iliyonse dzina la kholo, mbali ino a kwa mkazi, mbali iyo a kwa mwamuna. Nayenso anati akufuna wake. Anagula chipepala chachikulu n'kuchiyala patebulo langa lodulira nsalu. Anayamba kukwera ndi malemu bambo ake, kenako bambo a bambo ake. Ndinamuseka. Ndinamuuza kuti ana a kutauni akusokera, ife Achewa mtengo wathu umakwera ndi akazi. Iye ndi wanga, ine ndine wa malemu amayi athu, a Estere, amayi ndi a agogo a Nabanda. Amuna amabwera ndi kachikwama kawo kudzakhala pachikamwini, koma mbumba imatsala pamudzi.

Ndinalankhula modzitama ngati ndikudziwa zonse. Titafika pa agogo a Nabanda, Tamanda anandifunsa dzina lawo lenileni, chifukwa Nabanda ndi la mfunda chabe. Munthu amene anandilera, amene ndinkagona kumsana kwake, dzina lake la paubwana sindilidziwa. Ndani akanayerekeza kuwatchula dzina? Tonse tinkangoti agogo, akuluakulu ankati a Nabanda. Manyazi anandigwira pamaso pa mwana wanga. Inu mukulidziwa? Ndikukayika.

Kenako Tamanda anafunsa ngati agogowo anali ndi abale. Ndinatchula a Jonasi, mlongo wawo wamng'ono, amene ali moyo ku Chiosya kumene anakwatira. Ndinali pafupi kunena kuti basi, analipo awiri okha. Ndiye ndinakumbukira mzere uja.

Inu simungauiwale, pakuti munakwapulidwa nawo. Mzere wakumalire kwa munda, pafupi ndi chulu. Chaka chilichonse agogo ankabzalapo mtedza okha, osalola wina kugwirapo khasu. Ankakumba okha, kuumitsa padera, n'kusunga m'kadengu kudenga. Sitinkadya. Mvula ikagwa, mtedza womwewo ndiwo unkabwerera m'mzere womwewo. Tsiku lina inu munazula mapando awiri, n'kukazinga kuseri kwa nkhokwe, ndipo agogo amene sankamenya mwana anathyola kamtengo. Atatha kukukwapulani anakhala pansi iwo n'kuyamba kulira. Ine ndinkaonera pakhomo, osamvetsa kuti wokwapula akuliriranji.

Nditakula ndinawafunsa amayi. Anandiyankha motsitsa mawu kuti mzerewo ndi wa Anasi, m'bale wawo wa agogo, amene anathawa ndi mwamuna wa kumafamu a fodya kutsidya kwa malire, akuluakulu atamukana mwamunayo. Anati atsibweni a agogowo anakwiya mpaka analamula kuti dzinalo lisamvekenso pamudzi. Agogo sanathe kutsutsa, koma ankasunga gawo la m'bale wawo kuti akadzabwera asadzapeze kuti alibe mbewu. Amayi anatsekera pomwepo, ndipo ine sindinafunsenso. Tamanda ndinamuuza zomwezo, iye anajambula kanthambi kopanda masamba, n'kulemba Anasi.

Tsopano imvani. Kumayambiriro kwa mwezi uno amake Gerald anabwera kuchokera ku Chipata kudzaona mwana wawo komanso kudzandidziwa ine. Ndi mayi wa msinkhu wanga, wansangala, wolankhula mokweza. Anandibweretsera mtedza wa chalimbana wosasenda, wa m'munda mwawo. Tinakhala pansi m'chipinda changa chosokera, lichero pakati, tikusenda n'kumacheza ngati tinadziwana kalekale. Ana athu anali atapita kukagula nyama.

Ndinayamikira mtedzawo kuti ndi waukulu bwino. Iwo anaseka, anati agogo awo aakazi akanamva akanandikana, pakuti kwa iwo mtedza wa ku Zambia sunkakoma. Anati agogowo anachokera ku Malawi ali mtsikana, cha kufupi ndi phiri la Kachebere, ndipo mpaka imfa yawo ankanena kuti kwawo kuli mzere wawo wa mtedza umene m'bale wawo analonjeza kuwasungira. Anati ana ankawaseka, ankati agogo mzere wanu unamera thengo kalekale. Iwo ankayankha kuti ayi, m'bale wanga Ndaziona sanama.

Manja anga anaima. Ndinafunsa dzina la agogo awowo. Anati Anasi.

Ndinadzuka, ndinatenga chipepala cha Tamanda, ndinawaonetsa kanthambi kaja. Ndinawauza za chulu, za kadengu, za kukwapulidwa kwanu. Mayi aja anagwira pakamwa. Choyamba tinakumbatirana, misozi ili chuchuchu, pakuti munthu wotayika anapezeka. Koma tili chikumbatirane choncho, tonse awiri tinazindikira chinthu chimodzi, ndipo tinasiyana pang'onopang'ono. Anakhala pampando, ine pa makina, palibe woyang'ana mnzake.

Werengani nokha, achimwene. Tamanda, ine, amayi, agogo a Nabanda. Gerald, amake, amayi awo, Anasi. Mbali zonse ziwiri ndi akazi okhaokha, palibe mwamuna wodula mzere. Ngati Anasi ndi agogo anabadwa m'mimba imodzi, ana awa ndi a bere limodzi. Gerald ndi mlongo wake wa Tamanda. Ndipo inu ndinu mwinimbumba wa onse awiri. Pa chinkhoswe mudzakhala mbali iti ya mphasa? Mudzapereka tambala ndi dzanja lamanja n'kulandira ndi lamanzere? Ndikuseka polemba izi, koma mumtima simuli kuseka.

Mayina a abambo ndiwo anatiphimba m'maso. Gerald ndi Zulu, Tamanda ndi Mwale, mapasipoti ndi a mayiko awiri. Ndani akanaganiza? Kale mnyamata asanafike pakhomo akuluakulu ankayamba afufuza kuti amake ndi a kwa yani. Ife kuno tinangofunsa ngati ali pa ntchito ndiponso ngati amapemphera. Safunsa anadya phula, ndipo phulalo ndalilawa ine.

Komabe pali kachiyembekezo, ndipo ndi kamene kakundizunguza kuposa mantha. Amake Gerald akuti anamvapo kuti agogo awo sanawadziwe amayi awo owabala, anamwalira iwo ali khanda, ndipo anayamwitsidwa ndi azakhali awo. Ngati zili choncho, Anasi anali mwana wa mlongo wawo wa agogo aakulu aja anabala a Nabanda, wongoleredwa m'nyumba mwathu. Ndiye kuti ndi wa bere lina, msuweni chabe, ndipo ukwati wa pachisuweni makolo athu ankaukonda n'kuukonda. Mukukumbukiranso kuti agogo aakulu anafa atakalamba, amayi ankatiuza kuti anavina pa ukwati wawo. Zikugwirizana. Koma nditawapanikiza, mayi aja anayamba kukayika. Anati mwina nkhani ya khanda lamasiyeyo inali ya agogo awo aamuna, sakukumbukira bwino, anaimva ali mwana. Amayi awo amene akanadziwa anamwalira.

Choncho m'mawa ndimadzuka ndili ndi chitsimikizo kuti ndi asuweni, ndipo ndimatsitsa nsalu ija pakabati. Pofika masana ndakumbukira kulira kwa agogo pachulu paja, ndimati munthu salira choncho chifukwa cha msuweni, ndipo ndimaibwezera. Kenako ndimadzifunsa kuti nanga amene mwayamwa naye bere limodzi simungamulire? Nsalu yakwera ndi kutsika mpaka yayamba kuda m'mbali.

Ana tinawauza tsiku lomwelo. Gerald anangozolika, akupotokola chipewa chake. Tamanda ndiye anatentha. Anati chibale cha agogo a agogo ndi chakutali, palibe lamulo loletsa. Anapita mpaka kwa abambo a kutchalitchi kwathu kuno, ndipo iwo anamuuza kuti kumbali ya mpingo palibe chotchinga. Anabwera nazo ngati wapambana mlandu. Ndinamuuza kuti mpingo uli ndi kuwerenga kwake, ifenso tili ndi kwathu, ndipo ukwati ukavuta sapita nawo kwa abambo okha, amapita kwa ankhoswe. Ndinati mbumba ikakwatirana yokha, mwamuna akadzakulakwira udzathawira kwa yani, poti kwanu ndi kwawo?

Anandiyang'ana ndi maso ouma, anati iye ndiye anayambitsa mtengowo ndipo akhoza kuung'amba. Ndinati pepala ang'ambe, koma chibale ndi fupa, sichiola. Ndiye ananena mawu amene akundilasa mpaka lero. Anati ngati kumudzi akana, iye ndi Gerald akasainitsa ku ofesi, akakhala ku Lusaka, ndipo sadzavutitsanso munthu. Sanakweze mawu. Akanakalipa bwenzi ndili ndi mpumulo, pakuti mwana wanga ndimamudziwa, akakalipa zimatha. Akalankhula mofatsa ndiye kuti wamanga kale katundu mumtima.

Pali chinanso, ndipo ichi alamu asachimve kaye. Tamanda ndinamuyeza mu Epulo pokonzekera diresi la chinkhoswe. Masiku apitawa ndinamuyezanso, ndinanamizira kuti ndataya kapepala ka miyeso. Tepi sinama, achimwene. M'chiuno mwawonjezera, pachifuwanso, pamene nkhope yaonda. Tiyi wa mkaka amene ankamukonda akumukankhira kutali. Iye sanandiuze, inenso sindinamufunse. Tikungozungulirana m'kanyumba kano, aliyense akudziwa kuti mnzake akudziwa. Ndine mayi, ndakwiya, koma mkwiyo ndauika pambali chifukwa ulibe ntchito panopa. Pa mtengo paja pakubwera tsamba lina, tifune tisafune.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Pitani ku Chiosya kwa agogo a Jonasi. Padziko pano atsala ndi iwo okha amene anamuona Anasi ndi maso. Anali kamnyamata pamene ankathawa, koma amayi awo owabala amawadziwa, ndipo adziwa ngati Anasi anali mlongo wawo wa m'mimba imodzi kapena mwana wa atsibweni awo.

Ndikukudziwani, achimwene. Mudzati ndipita ndikamaliza kusankha fodya, kenako ndikagulitsa soya, kenako njinga ilibe mpira. Denga la khitchini munati mufolera amayi ali moyo. Ulendo uno musatero, ndagwira mwendo wanu. Munandiuza nokha pa Isitala kuti agogowo chifuwa chawafooketsa ndipo nzeru zikumabwera ndi kupita. Chisanu cha chaka chino sindikuchikhulupirira. Akapita, apita ndi yankho.

Mupite m'mawa, pamene mutu wawo umakhala bwino, ndipo mukhale kumbali ya khutu lakumanzere. Muyambe mwawafunditsa bulangete, muwagulireko shuga ndi masamba a tiyi, mukudziwa kuti opanda tiyi salankhula ndi munthu. Musakafike ndi nkhani ya ukwati. Akangomva kuti pali ukwati adzayankha chimene akuganiza kuti mukufuna, kapena adzakana dala kuti aoneke kuti akadali ndi mphamvu, mukuwadziwa. Muyambe ndi kuwafunsa dzina la paubwana la agogo a Nabanda. Inu musalitchule, alitchule okha. Akati Ndaziona, ndiye kuti Anasi wa ku Chipata ndi wathu ndithu, palibenso kukayika. Mukatero muwafunse kuti Anasi anabadwa kwa yani.

Mwina adzakana kutchula dzina la Anasi, poti analetsedwa ali mwana. Muwauze kuti amene analetsa anagona kalekale. Muwauzenso kuti mlongo wawo sanafere m'tchire ayi. Anakalamba, anabala ana, anaikidwa bwino ndi adzukulu, ndipo mpaka mapeto ankatchula kwawo. Zimenezi ayenera kuzimva asanafe, ngakhale pakanakhala palibe za ukwati.

Ndikuuzeni zoona, pamene ndimayamba kalatayi mtima wina umati ndikupempheni kuti musapite n'komwe, tingokhala chete, ndani adzadziwa. Koma amake Gerald akudziwa, ine ndikudziwa, ndipo kukhala chete n'kumene kwatifikitsa pano. Choncho chimene mukamve mundiuze momwe chilili. Musandinyengerere. Mukaimbe foni muli nokha, sipika yotseka.

Akati ndi msuweni, ndidula nsalu tsiku lomwelo, ndipo mudzamva nthungululu kuchokera ku Joni mpaka kwathu kwa Mlonyeni.

Akati ndi bere limodzi, sindikudziwa. Ndalemba mzere uwu n'kuufufuta, ndalembanso. Mwambo ndimaulemekeza, ndinakuliramo, ndipo ndikudziwa kuti pamudzi padzakhala mawu, ena adzati ndi malaulo. Mudzaitane akuluakulu, mukhale pansi, muone ngati pali njira imene makolo ankatsata zoterezi zikachitika mosadziwa. Ine sindikulamulani, mwinimbumba ndinu. Koma kumbukirani kuti mwinimbumba wina anakanapo ukwati pamudzi pomwepo. Anapambana, mawu ake anamveka, dzina linafafanizidwa. Chimene anapindula ndi mayi mmodzi wolira pachulu moyo wake wonse, ndi mayi wina wofera kutsidya akulakalaka mtedza wa kwawo, pamtunda woti munthu wa njinga amapita n'kubwerako tsiku lomwelo. Ndipo chibale chimene anachidulacho ndi ichi chabwerera chokha, chagogoda pakhomo panga chitanyamula sipanala.

Pansi pa chikwama mupeza kathumba ka mtedza. Ndi womwe tinkasenda tsiku lija, wa m'munda mwa adzukulu a Anasi. Musakazinge, ulendo uno mwakula. Ndikudziwa kuti amayi atamwalira mzere wa pachulu uja munaulowetsa m'munda wa soya, sindikukuimbani mlandu, simunkadziwa. Mvula ikagwa mudzabzalepo mtedza umenewu. Mwini mzere wabwera, ngakhale wabwera mochedwa.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti nsalu yabuluuyo ndi ya kutchalitchi, asaifunde kumunda. Moni kwa ana onse, kwa azakhali a ku Kachebere, kwa amayi aang'ono ndi ana awo, ndi kwa apongozi anu. Agogo a Jonasi muwagwire dzanja m'malo mwanga, muwauze kuti mwana wa Estere sanawaiwale. Tamanda akupereka moni kwa atsibweni ake. Sakudziwa zimene ndalemba, koma waona kuti kalata yatalika, ndipo wangoima pakhomo akundiyang'ana, dzanja lili pamimba.

Achimwene, agogo anasunga mzere umodzi mpaka manja anawakana. Ine ndili ndi mwana mmodzi yekhayu. Chilichonse chimene a Jonasi akanene, musandilimitse mzere wa Tamanda.

Ndine mlongo wanu wodikira yankho,

Agatha